Penti ndi zokutira "zopha tizilombo" za m'chipatala: chogula n'chiti, chosiya n'chiti

Amene amagula katundu wa chipatala, kaya ku Tete mumzinda, ku Moatize kapena kumtunda ku Ulongué, akumalandira mapepala a mitengo okhala ndi liwu limodzi lolembedwa mochindikala: antimicrobiano, kutanthauza chopha tizilombo. Liwuli akuliika pa penti wa makoma ndi pansi, pa mankhwala opopera amene akuti akauma amasiya kakhungu kosaoneka ndi maso, pa nsalu zokutira matiresi, ngakhalenso pa timapepala tomata pa zogwirira zitseko. Pambali pake pamakhala nambala yokopa, 99.9%, ndipo mtengo umakwera chifukwa cha nambalayo. Maganizo athu tiwanene poyambirira pomwe. Nsalu yabwino ya matiresi gulani msanga. Penti wa epoxy gulani pa zipinda zochepa, chifukwa cha kusalala ndi kulimba kwake. Mankhwala opopera ndi timapepala tomata musatayirepo meticais.

Vuto limene ogulitsa amatchula ndi lenileni, ndipo sitikulichepetsa. Lipoti la bungwe la WHO la 2022 linati mwa odwala 100 ogonekedwa m'zipatala za mayiko osauka ndi apakati, 15 amatenga matenda ena m'chipatala momwemo. Mabakiteriya monga Staphylococcus aureus, Klebsiella ndi Acinetobacter amatha kukhala amoyo pa chitsulo cha bedi kapena pa tebulo louma kwa milungu, ena mpaka miyezi. Khanda lobadwa masiku osakwana likakumana ndi Klebsiella wochokera pa matiresi ong'ambika, nkhani yake imakhala yomvetsa chisoni. Ndiye aliyense wofuna kuteteza malo amene odwala amagonapo akufuna chinthu choyenera. Tikungofuna kuti ndalamazo zigwere pamalo pamene zipulumutse moyo.

Penti ndi zokutirazi zimapangidwa ndi polima, yomwe ndi pulasitiki yomwe imauma n'kukhala khungu pamwamba pa chinthu: akiliki, epoxy, polyurethane, PVC. Payokha siipha kanthu. Opanga amachita chimodzi mwa ziwiri. Ena amasakanizamo ufa wokhala ndi siliva, zinki kapena mkuwa, ndipo pamwamba pakanyowa, timagawo ta chitsulocho timatuluka pang'onopang'ono n'kulowa m'bakiteriya kukasokoneza mapuloteni ake. Ena amamatirira mankhwala a gulu la quaternary ammonium pamwamba penipeni. Amenewa satuluka, amadikira kuti bakiteriya awakhudze, n'kung'amba khungu lake. Njira yoyamba imafuna madzi, yachiwiri imafuna kuti pamwamba pakhale poyera popanda chophimba. Zonse zomwe zikutsatira zikuchokera pa mfundo ziwirizi.

Pepala la 99.9% limayesedwa bwanji

Mukafunsa umboni, nthawi zambiri amakupatsani lipoti la ISO 22196, lomwe linachokera ku muyeso wa ku Japan wa JIS Z 2801. Kayesedwe kake ndi aka. Amadula kachidutswa ka masentimita 5 mbali zonse, amadontheza madzi okhala ndi Staphylococcus aureus kapena Escherichia coli, n'kuphimba ndi kapulasitiki ka masentimita 4 kuti madziwo afalikire ndi kusauma. Kenako amakaika m'bokosi la madigiri 35, chinyezi cha mumpweya chosachepera 90%, kwa maola 24. Akamaliza amawerenga mabakiteriya otsala n'kuyerekeza ndi kachidutswa kopanda mankhwala. Lipoti likalemba R = 2 ndiye kuti achepa ndi 99%, likalemba R = 3 ndi 99.9%.

Tsopano taganizirani chitsulo cha bedi m'wodi ya ku Tete mwezi wa Okutobala, kunja kutentha kupitirira madigiri 40, mpweya uli gwa kuuma. Chala cha mlendo chikasiya thukuta pamenepo, limauma pa mphindi zochepa. Siliva alibe madzi oyendamo, ndiye amangokhala m'penti momwe anamuikamo. Akatswiri ena atayesa zinthu zokhala ndi siliva pa kutentha ndi chinyezi cha m'chipinda wamba anapeza kuti mabakiteriya sanachepe kwenikweni, pamene mkuwa weniweni unapitiriza kupha. Ku Angónia ndi ku Tsangano nthawi ya dzinja mpweya umanyowa ndithu, koma ngakhale pamenepo dontho silikhala chinyowere tsiku lonse ngati lili pansi pa kapulasitiki ka mu labu.

Chachiwiri ndi nthawi. Maola 24 ndi ambiri kwambiri pa chinthu chomwe mnamwino, wodikirira wodwala ndi mwana wobwera kudzazonda achigwira kangapo ola limodzi lisanathe. Chachitatu ndi masamu: mabakiteriya 1,000,000 akachepa ndi 99.9% amatsala 1,000. Chachinayi, chomwe chimatidetsa nkhawa kuposa zonse, ndi litsiro. Mu labu kachidutswa kamakhala koyera. M'wodi mumakhala magazi, mafinya, mafuta a m'manja, phala lotayika, ndipo ku Moatize onjezanipo fumbi la malasha. Mchere wa m'thukuta ndi m'magazi umagwirana ndi siliva n'kupanga silver chloride yemwe sasungunuka bwino, mapuloteni nawo amamumanga. Quaternary ammonium amangokwiririka pansi pa litsirolo, ngakhalenso pansi pa mabakiteriya omwe wapha kale.

Ulipo muyeso watsopano, ISO 7581 wa 2023, wopangidwira kuyesa malo ouma. Wogulitsa amene angakuonetseni lipoti la muyeso umenewu, kapena lina lililonse loyesedwa pouma kwa ola limodzi kapena awiri, mumumvetsere. Werenganinso mawu aang'ono a pa chitini. Zitini zambiri zimati mankhwalawo "amateteza pentiyo" ku nkhungu, fungo ndi madontho. Ku America bungwe la boma loteteza chilengedwe la EPA limasiyanitsa zinthu ziwirizi mwalamulo: chinthu chothiridwa mankhwala kuti chokha chisaonongeke sichiloledwa kunena kuti chimateteza thanzi la munthu. Penti wosachita nkhungu ndi wothandiza m'bafa la ku Furancungo mwezi wa Febuluwale, koma zimenezo sizikukhudzana ndi chilonda cha mayi wochitidwa opaleshoni.

Matiresi

Pa zinthu zinayi zija, apa ndi pamene polima imagwira ntchito yooneka. Siponji ya m'kati mwa matiresi imamwa chilichonse: mkodzo, magazi, madzi otuluka pobereka. Ikamwa siichapika. Matiresi amatha kuoneka bwino pamwamba, koma mukatsegula zipi n'kupeza mabala akuda ndi fungo loipa. Chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Chomwe chimateteza wodwala wotsatira ndi nsalu yosalowa madzi, yopanda kabowo ngakhale kamodzi.

Pamsika pali mitundu iwiri. PVC, yomwe ambiri amaitcha napa, ndi yotsika mtengo ndipo imapirira klorini wamphamvu. Vuto lake ndi lakuti mafuta ofewetsa omwe ali m'kati mwake amachoka ndi kutentha komanso ndi sipiriti, ndiye imauma, imakhakhala, kenako imasweka m'mapindo ndi pakati pomwe pamafika chiuno. Imatenthanso pamsana, wodwala wogona nthawi yaitali amatuluka thukuta ndipo zilonda za pabedi zimayamba msanga. Nsalu ya poliyesitala yokutidwa ndi polyurethane ndi yofewa, imatamuka, imalola nthunzi kudutsa koma madzi ayi. Kwa wodwala wosatha kudzitembenuza ndi kwa makanda, imeneyi ndiyo yabwino. Koma imadana ndi klorini wosiyidwa kuti aumirepo, imadana ndi kuyanikidwa padzuwa la masana, ndipo ikakhala malo otentha ndi onyowa nthawi yaitali khungu lake limayamba kunyata n'kusupuka. Ilipo polyurethane ya mtundu wa polycarbonate yomwe imapirira klorini kuposa inzake; ngati pepala la wogulitsa likutchula dzina limeneli, mtengo wowonjezerawo uli ndi chifukwa.

Yang'anani msoko musanayang'ane china chilichonse. Msoko wowotcherera ndi makina ulibe mabowo. Msoko wa singano ndi mzere wa timabowo, ndipo ulusi umakoka madzi kulowetsa m'kati monga chingwe cha nyali chimakokera parafini. Zipi iyenera kukhala ndi chophimba chogwera pansi kuti madzi otsetsereka m'mbali adutse pamwamba pake. Ngati ndalama zikungokwanira kusoketsa napa kwa atelala, auzeni kuti pamwamba pakhale nsalu imodzi yosalumikiza, ipindikire m'mbali, misoko yonse ndi zipi zikhale kunsi.

Kuyesa matiresi ndi kosavuta ndipo kuyenera kuchitika mwezi ndi mwezi komanso wodwala wotaya magazi akatuluka. Tsegulani zipi, ikani pepala lopukutira m'manja pakati pa siponji ndi nsalu, pamalo pomwe pamagona chiuno. Dinikizani ndi chibakera kuti pakhale kadzenje, thiranipo madzi mamililita 30, omwe ndi masipuni awiri akuluakulu, n'kumasisita ndi chibakeracho kwa mphindi imodzi. Pepala likanyowa, nsaluyo yatha. Siponji ikakhala ndi mabala, nayonso yatha, ndipo kuiveka nsalu yatsopano n'kungobisa matenda. Siliva kapena zinki amene opanga amaika m'nsaluyi amathandiza kuti isachite nkhungu m'nyengo ya mvula, basi. Nsalu ziwiri zikafanana msoko ndi makulidwe, tengani yotsika mtengo.

Mabedi a kolera ndi nkhani ina. Mliri wa 2023 unakhudzanso chigawo chathu, ndipo malo ochizira kolera amagwiritsa klorini wa 0.2% pa mabedi ndi pansi, wa 2% pa chimbudzi ndi masanzi. Polyurethane wamba sangapirire zimenezo tsiku ndi tsiku. Pamenepo PVC yokhuthala, yosinthidwa ikangosweka, ndiyo yoyenera.

Penti wa makoma ndi pansi

M'masitolo a ferragem, ogulitsa zomangira, mupeza tinta (penti) ya akiliki yosungunulira madzi yolembedwa kuti ili ndi siliva. Ndi penti wabwinobwino wa m'maofesi ndi m'makonde. M'chipinda chochilira amayi, m'fiyeta, mu labu ndi mochapira zida sakhalitsa, chifukwa sipiriti amamufewetsa ndipo kukwecha tsiku ndi tsiku kumamudya. M'zipinda zimenezi mufunika penti wa zitini ziwiri, epoxy kapena polyurethane, amene amauma chifukwa mankhwala awiriwo agwirana n'kukhala khungu lolimba lopanda timabowo. Akhale ndi siliva kapena ayi, khungu limenelo ndi lomwe mukugula. Pulasitala wokhakhala amasunga magazi m'timaenje take ngakhale mukolope kasanu. Khoma la epoxy limayera ndi nsalu imodzi ya sopo.

Ntchito zambiri za epoxy zimaonongeka penti asanatsegulidwe n'komwe. Makoma ambiri a zipatala zakumudzi anapakidwapo laimu zaka zapitazo. Laimu ndi ufa, ndipo epoxy womatidwa pa ufa amasupuka ngati khungwa la mbatata yophika. Ayenera kupalidwa yense mpaka pulasitala aoneke, khoma litsukidwe, ming'alu itsekedwe. Khoma kapena pansi patsopano pamafunika masiku 28 simenti isanapakidwe kanthu. Chinyezi yesani motere: matani pepala la pulasitiki la masentimita 45 mbali zonse ndi tepi, m'mphepete monse motsekeka, lisiyeni maola osachepera 16. Mukapeza mame kunsi kwake kapena simenti itada, madzi akukwera kuchokera pansi, ndipo epoxy adzatupa matuza mvula yoyamba ikangogwa. Nyumba zakale za kumapiri zomangidwa popanda pulasitiki ya m'maziko zili ndi vuto limeneli kawirikawiri. Konzani ngalande ndi denga kaye.

Kuchuluka kwa penti werengani nokha, musangodalira mmisiri kapena wogulitsa. Pa ficha técnica, pepala lofotokoza za pentiyo, pamalembedwa gawo la penti lomwe limatsala akauma. Tiyerekeze kuti ndi 50%, ndipo mukufuna khungu louma la ma micron 50 pa ulendo uliwonse wopaka (ma micron 1,000 ndi milimita imodzi). Chulukitsani 50 wa peresenti uja ndi 10, mugawe ndi 50 wa ma micron: lita imodzi ikwanira masikweya mita 10. Chipinda cha mamita 4 ndi 5, chotalika mamita 3, chili ndi makoma a masikweya mita 54. Mukachotsa chitseko ndi mawindo atsala pafupifupi 50. Maulendo awiri ndi malita 10, ndipo poti pulasitala amamwa komanso rola imasunga wina, gulani 12 kapena 13, kuphatikizapo penti woyambira wa mtundu womwewo. Mmisiri akamaliza chipinda chotere ndi malita 6, wathira thinala wambiri ndipo khungulo ndi theka la lomwe munalipira.

Kasakanizidwe n'kofunika kulondola ngati mankhwala a wodwala. Ambiri amabwera pa magawo 4 a chitini chachikulu ndi gawo 1 la choumitsa, koma tsatirani zolembedwa pa chitini chanucho, ndipo muone ngati akunena za malita kapena za makilogalamu, pakuti siziyenderana. Choumitsa chikachepa, penti amakhala wonyata mpaka kalekale ndipo fumbi lonse limakakamira pamenepo. Chikachuluka, khungu limakhala lophweka kusweka. Takasani mphindi zitatu, mukupala m'mbali ndi pansi pa chitini. Mukangosakaniza, nthawi yayamba kutha. Nthawi yolembedwa pa chitini amaiyesa pa madigiri 23 kapena 25, ndipo imachepa pafupifupi ndi theka kutentha kukakwera ndi madigiri 10. Penti wa maola awiri ku fakitale ndi wa ola limodzi pa madigiri 35. Akakhala wambiri m'chitini amadzitenthetsa yekha n'kuuma msanga koposa. Choncho kumunsi kwa Zambezi, ku Tete, ku Changara ndi ku Mutarara, yambani m'mamawa kwambiri, sakanizani lita imodzi kapena ziwiri pa nthawi, ndipo mukhuthulire m'beseni lotambalala. Penti akayamba kulimba musamuthire thinala kuti afewe, mutayeni.

Kumtunda vuto limatembenuka. Mu Juni ndi Julayi ku Angónia m'mawa kumazizira ndipo makoma amagwira mame osaoneka. Lamulo la amisiri a penti n'lakuti khoma likhale lofunda ndi madigiri 3 kuposa pomwe mame amayambira kugwa, ndipo epoxy wamba sauma bwino kukazizira kufika pansi pa madigiri 10. Mukapaka pozizira ndi ponyowa, pamwamba pamatuluka kautsi koyera konyata ngati phula, ndipo ulendo wachiwiri sugwira. Kumeneko pakani dzuwa litakwera, musiye masana asanapendeke kwambiri. Kautsiko kakaoneka, tsukani ndi madzi ofunda a sopo, muumitse, mukwecheko ndi sandipepa musanapitirize.

Penti ameneyu amauma kukhudza tsiku lotsatira, koma amafika pa mphamvu yake yonse pakatha masiku 7. Izi n'zovuta ku chipatala chomwe chili ndi chipinda chimodzi chokha chochilira, chifukwa mimba siidikira penti. Konzeranitu chipinda china chogwirizira, pakuti mukathira klorini pa epoxy wa masiku awiri, amachita mabala osachoka ndipo amafooka. Mawindo akhale otsegula nthawi yonseyi, odwala ndi makanda akhale kutali. Opaka avale magolovesi chifukwa choumitsa cha epoxy chimatupitsa khungu, ndipo polyurethane wa zitini ziwiri ali ndi isocyanate yemwe amayambitsa mphumu. Ameneyu apakidwe ndi rola, asapoperedwe ndi munthu wovala kamasiki ka pepala. Epoxy akamaombedwa ndi dzuwa amasanduka wachikasu n'kumatuluka ufa, ndiye pa khonde ndi pafupi ndi mawindo akulu mupake polyurethane wa mtundu wa aliphatic pamwamba pake.

Za pansi tinene mosabisa. Penti wopyapyala wa rola sakhalitsa pomwe pamadutsa nsapato zamchenga ndi mabedi a mawilo. Chokhalitsa ndi epoxy wothira wa mamilimita 2, ndipo chipinda cha masikweya mita 20 chimadya malita 40. Ngati ndalama zimenezo palibe, matailosi abwino okhala ndi mipata yopapatiza yotsekedwa ndi epoxy aposa penti wopyapyala. Mulimonsemo, pokumana khoma ndi pansi pakhale pozungulira ngati m'kati mwa mbale kuti chokolopera chifike. Pansi posalala kwambiri pamaterera pakanyowa; kamchenga kosefa kowazidwa m'penti kamathandiza, koma mukachulutsa mwabwezeretsa timaenje tomwe mumathawa.

Mabedi achitsulo ndi zitsulo zokolekapo diripi zochokera ku fakitale zimabwera ndi penti wa ufa wowotchedwa m'ng'anjo pa madigiri pafupifupi 200. Ndi wolimba mpaka atagumuka. Akagumuka, klorini amalowa pamenepo, dzimbiri limayenda kunsi kwa penti, ndipo dzimbiri silichapika. Kwechani mpaka chitsulo chiwale, pukutani mafuta, pakani epoxy woyambira tsiku lomwelo, kenako wapamwamba. Bedi lokonzedwa chotere ndi laukhondo kuposa bedi "la siliva" logumuka.

Opopera ndi zomata

Mankhwala opopera ambiri ndi silane quaternary ammonium, omwe kampani ya Dow Corning inayamba kupanga m'zaka za m'ma 1970. Amagwira bwino pa galasi, pa matailosi ndi pa nsalu ya thonje, koma pa mapulasitiki ambiri a mipando ndi ndowa amangokhala pamwamba. Kakhungu kake n'kopyapyala kwambiri moti simungadziwe ngati kalipo kapena kanachoka ndi chikolopo cha dzulo. Mphamvu yake ili m'magetsi a mtundu umodzi omwe amakoka bakiteriya, ndipo sopo waufa yemwe aservente athu, oyeretsa m'chipatala, amagwiritsa ntchito ali ndi magetsi a mtundu wosiyana. Ziwirizi zikakumana zimazimitsana. Gulu la mankhwala limeneli ndi lofooka pa njere zouma za mabakiteriya monga Clostridioides difficile, pa tizilombo ta TB, ndi pa mavairasi ena otsegula m'mimba. Ndipo TB imayenda mumpweya; m'wodi ya chifuwa ndalama zipite ku mawindo otseguka mbali ziwiri.

Wogulitsa akanena kuti kupopera kamodzi kumateteza masiku 90 kapena chaka, mufunseni lipoti loyesedwa pambuyo pokwecha ndi kupukuta ndi klorini kambirimbiri. Labu ikakhala ndi utoto wa bromophenol blue mungathe kuyesa nokha: pomwe pali mankhwalawa utotowo umakakamira n'kusiya buluu ukatsukidwa. Yesani tsiku lopopera, muyesenso pakatha mlungu umodzi wokolopa. Komabe buluuyo akungosonyeza kuti mankhwala alipo, sakusonyeza kuti akupha. Choopsa china ndi cha m'mitima ya anthu: ogwira ntchito akamva kuti wodi "yatetezedwa miyezi itatu", dzanja limayamba kulemera pa chikolopo. Ngakhale zinthu zamkuwa zomwe EPA inavomereza mu 2008, zomwe zimapha 99.9% ya mabakiteriya ena pa maola awiri, zimalamulidwa kulemba kuti ndi zongowonjezera pa kutsuka kwa masiku onse.

Timapepala tomata timatukuka m'mphepete pakapita nthawi yochepa, ndipo guluu wotsala pamenepo amasonkhanitsa litsiro. Ngati mukufuna chogwirira chitseko chopha mabakiteriya, funani chamkuwa weniweni wosachepera 60%, chosapakidwa vanishi. Zambiri za m'masitolo ndi zinki wopakidwa mtundu wagolide. Kwechani ndi fayilo kumbuyo kwake: chikakhala chachikasu mpaka m'kati ndi chenicheni, chikayera ndi chonyenga. Mkuwa ukada umagwirabe ntchito, musaupake kanthu kuti uwale. Kafukufuku wa 2013 m'zipatala zitatu za ku America anapeza matenda ochepa m'zipinda za odwala kwambiri zomwe zinali ndi zida zamkuwa, ngakhale akatswiri ena anatsutsa kayendetsedwe kake, ndipo chinali chitsulo chenicheni, osati penti wokhala ndi ufa wake. Kumbali ya siliva, kafukufuku wamkulu wa ku Britain wa 2012, wa odwala oposa 6,000, anapeza kuti machubu a mkodzo okutidwa ndi siliva sanachepetse matenda a m'chikhodzodzo poyerekeza ndi machubu wamba. Chubu chimene sichidwalitsa ndi chomwe chachotsedwa tsiku lomwe ntchito yake yatha.

Klorini ndi khungu lomwe mwagula

Khungu lililonse la polima limakhala kapena kufa malinga ndi ndowa ya aservente. Sopo ndi madzi ziyambe, chifukwa klorini amafooka akakumana ndi litsiro. Pa matebulo, mabedi ndi matiresi, klorini wa 0.1% ndi wokwanira, ndipo akhale chinyowere mphindi yosachepera imodzi. Pa magazi otayika, ayambe achotsedwa ndi pepala kapena nsalu, kenako wa 0.5% kwa mphindi 10. Kasungunulidwe kake: gawani mphamvu yolembedwa pa botolo la javel (klorini wamadzi) ndi mphamvu yomwe mukufuna, muchotsepo 1, yotsalayo ndi miyeso ya madzi. Javel wa 3.5% amafuna miyeso 6 ya madzi kuti akhale 0.5%, ndi miyeso 34 kuti akhale 0.1%. Wa 5% amafuna 9 ndi 49. Klorini waufa wa 65 mpaka 70% amafuna pafupifupi magalamu 7.5 pa lita kuti akhale 0.5%, ndi galamu imodzi ndi theka kuti akhale 0.1%. Sungunulani watsopano tsiku lililonse, m'ndowa ya pulasitiki yovundikira, kutali ndi dzuwa, ndipo musamusakanize ndi mankhwala ena otsukira m'chimbudzi chifukwa amatulutsa mpweya wakupha.

Chimene chimaononga nsalu za matiresi ndi zitsulo kwambiri ndi chizolowezi chothira javel mongoyerekeza ndi maso, poganiza kuti fungo likakula ndiye kuti ukhondo wakula, kenako n'kusiya kuti aumirepo. Madzi akauma mchere wa klorini umatsala n'kumadya khungu usiku wonse, ngakhale chitsulo chosachita dzimbiri chimabooka timaenje. Nthawi yake ikakwana, pukutani ndi madzi oyera, muumitse ndi nsalu. Kapu yoyezera yolembedwa mzere ndi pepala la miyeso lomatidwa pakhoma mochapira, m'Chipwitikizi ndi m'Chichewa, zimatalikitsa moyo wa matiresi kuposa siliva aliyense.

Musanasaine

Pemphani ficha técnica ndi ficha de segurança (pepala la zodzitetezera), dzina la mankhwala opha tizilombowo ndi kuchuluka kwake, lipoti lathunthu la labu losonyeza kutentha, chinyezi ndi maola, komanso mndandanda wa mankhwala omwe khungulo limapirira. Wokana kutchula dzina la mankhwala ake musiyeni apite. Onani tsiku lopangidwa pa zitini zonse ziwiri. Katundu amene wayenda pa lole kuchokera ku Beira kapena ku Maputo n'kukakhala miyezi m'kontena yachitsulo padzuwa la ku Tete amakalamba msanga, ndipo choumitsa chikakhala cholimba ngati uchi wakale kapena chokhala ndi mibulu musachilandire.

Kenako mmisiri apake sikweya mita imodzi pa khoma lenilenilo, ndi kakonzedwe komwe adzachite pa chipinda chonse, ndipo mudikire masiku 7. Tsiku lachisanu ndi chitatu dulani ndi lezala mizere 6 chotsika ndi 6 chopingasa, yotalikirana mamilimita 2, mumate tepi yolimba n'kuisolola mwamphamvu. Timabwalo tikachoka ndi tepi, vuto lili kunsi ndipo chipinda chonse chidzasupuka chimodzimodzi. Pambali pake matani timathonje tinayi, kena konyowa ndi klorini wa 0.5%, kena sipiriti wa 70%, kena ayodini wotsukira zilonda, kena GV, kalikonse kophimbidwa ndi kachitsekero ka botolo kwa ola limodzi. Mukachotsa, tsukani ndi kukanda ndi chikhadabo. Ayodini ndi GV akhoza kusiya kamtundu ngakhale pa penti wabwino, zimenezo zisakudetseni nkhawa. Khungu likafewa, likatupa kapena likachoka ndi chikhadabo, pentiyo si wa m'chipinda chochilira. Lembani m'pangano kuti gawo lomaliza la malipiro lidzaperekedwa mvula yoyamba ikadutsa makoma osatupa, ndipo mmisiri akusiyireni kachitini kakang'ono ka mbali zonse ziwiri, kosatsegula, kolembedwa nambala ya gulu lake, kokonzera pomwe bedi lidzagunde khoma.